Kusankha wufa yoyenerana ndi honi m'mabokosi akale a masipika

Mabokosi akale a masipika a honi kawirikawiri safika athunthu. Honi, chitsulo cha pamwamba chotambasuka kamwa ngati lipenga chimene chimatulutsa mawu apamwamba, imakhala ili bwinobwino, poti ndi ya aluminiyamu kapena malata okhuthala, siwola ndipo chiswe sichiidya. Kachipangizo kolemera kamene amamanga kukhosi kwa honiyo, kotchedwa compression driver, nakonso kamapirira zaka zambiri, kakavuta kamangofuna kusintha kachimbale kake ka mkati kamene kamagwedezeka popanga mawu. Vuto limakhala pansi. Pabowo la mainchesi 15, pomwe pamayenera kukhala wufa, sipika yaikulu ya pepala yotulutsa mawu apansi, pamakhala pali pululu, kapena pali wufa yong'ambika pepala, kapenanso pali wufa ya m'galimoto imene wina anamangapo chifukwa choti mabawuti anagwirizana. Mukayatsa nyimbo, honi imakuwa payokha, besi imagunda payokha, ndipo mawu a woimba amatuluka opyapyala, opanda chifuwa. Mwini wake amayamba kuda honi kuti ndi yaphokoso, imaboola makutu. Honiyo ilibe mlandu. Yangopatsidwa mnzake wolakwika.

Anthu ambiri akamafuna wufa amafunsa zinthu ziwiri: imanyamula mawati angati, nanga besi yake imatsika mpaka pati. Pa bokosi la honi mafunso awiriwa ndi omalizira. Loyamba ndi lakuti honi yanu imalekezera pati, chifukwa chilichonse chimene honi singathe kunyamula chimagwera pa wufa.

Mawu amayezedwa mu Hz, kutanthauza kuti mpweya ukugwedezeka kangati pa sekondi imodzi. Chingwe chokhuthala kwambiri cha gitala ya besi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz. Mwamuna akamayankhula, tsinde la mawu ake limakhala pakati pa 85 ndi 180 Hz, la mkazi chapamwamba pang'ono. Honi iliyonse ili ndi malire ake apansi, ndipo amene amawaika ndi kukula kwa kamwa lake ndi mmene imatambasukira kuchokera kukhosi. Kampani ya Altec Lansing inkapanga honi ya 511B kuti iziyambira pa 500 Hz, ndi ina yocheperapo, 811B, yoyambira pa 800 Hz. Mukaitsitsa kupitirira pamenepo, mpweya wa m'honi umaleka kugwira kachimbale ka driver, kachimbaleko kamayamba kukupiza mopanda chokaletsa, mapeto ake kamamenya chitsulo cha kutsogolo kwake n'kusweka. Ndiye crossover, kagulu ka makoyilo ndi ma capacitor kamene kamagawa mawu pakati pa wufa ndi honi, imadula pamalire amenewo.

Tsono taganizani za piyano. Ili ndi makiyi 88. Mukadula pa 500 Hz, makiyi 51 tsinde la mawu awo likuchokera mu wufa. Mukadula pa 800 Hz ndi makiyi 59. Pa 1200 Hz, pamene Altec inadula mu sipika yake ya m'nyumba yotchedwa Model 19, ndi makiyi 66. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'bokosi la honi, wufa siyongogunditsa besi ayi. Ndiyo imaimba nyimbo. Chifuwa cha woimba, thupi la gitala, kulira kwa ng'oma yaing'ono, zonsezi ndi ntchito yake, ndipo honi imangoika m'mphepete mwa mawuwo. Wufa imene imatha bwino 30 Hz koma n'kumalephera 600 Hz ndi yosathandiza pano, ngakhale itakhala yodula motani.

Kumene mawufa amenewa anachokera

M'zaka za m'ma 1930, nyumba zambiri zoonetsera kanema ku America zinkagwiritsa ntchito masipika a Western Electric. Ku kampani ya mafilimu ya MGM, John Hilliard, yemwe ankagwira ntchito pansi pa Douglas Shearer mu dipatimenti ya zojambula mawu, anamva chinthu chachilendo pomvetsera Eleanor Powell akuvina gule wake wogogoda pansi ndi nsapato zazitsulo. Kugogoda kumodzi kunkamveka kawiri. Atafufuza anapeza kuti vuto silinali m'chojambulidwacho. Honi ya masipikawo inali yaitali, yopindidwa, moti mawu odutsa mmenemo ankayenda mtunda woposa wa mawufa ndi mafiti pafupifupi 8, omwe ndi mamita 2.4, ndipo ankafika mochedwa. Kuchedwako n'kochepa, magawo 7 mwa magawo 1000 a sekondi, koma khutu linakugwira.

Pofuna kukonza zimenezi ndi mavuto ena, gulu la Shearer linapanga sipika yatsopano m'chaka cha 1935: mawufa a mainchesi 15 m'bokosi lopindidwa ngati honi, pamwamba pake honi ya timapaipi tambiri. Zipangizo zake zambiri zinapangidwa ndi kampani ya James B. Lansing. Mu 1941 Altec inagula kampani ya Lansing, ndipo mu 1945 kunabadwa masipika a Voice of the Theatre. Lansing mwiniyo anachoka mu 1946 n'kukayambitsa kampani imene lero timaitcha JBL. Chaka chomwecho, ku tawuni ya Hope ku Arkansas, Paul Klipsch anayamba kupanga Klipschorn, bokosi la pangodya limene limabwereka makoma a chipinda kuti akhale mbali ya honi yake.

Anthu onsewa anali ndi vuto limodzi. Maampulifaya a nthawi imeneyo anali a mavavu, timababu tagalasi tokulitsa mawu, ndipo ankatulutsa mawati ochepa, koma holo yoti idzaze mawu inali ya anthu mazanamazana. Panalibe wati yoti itayike. N'chifukwa chake mawufa awo anali a pepala lopepuka, maginito amphamvu, koyilo yaifupi yoyendetsa pepalalo, yokulungidwa ndi waya wafulati woimika chammbali kuti waya wambiri alowe m'kampata kakang'ono, ndi bokosi lalikulu losanyamulika ndi munthu mmodzi.

Mu 1954 Edgar Villchur anatulutsa AR-1, kabokosi kakang'ono kotsekeka, ka pepala lolemera, kotsika besi kwambiri koma kodya magetsi. Ma transistor atabwera n'kutchipitsa mawati, msika wa m'nyumba unatsata njira ya Villchur. J. Anton Hofmann, mmodzi wa amene anayambitsa kampani ya KLH, anatchula lamulo limene mpaka lero palibe walithyola: pa zinthu zitatu, besi yotsika, bokosi laling'ono ndi kulira kwambiri pa magetsi ochepa, mungapeze ziwiri zokha. Sabuwufa ya m'galimoto inasankha ziwiri zoyambazo. Bokosi lakale la honi linataya kuchepa kuti lipeze kulira. Mukaphatikiza ziwirizi mwamanga ng'ombe ndi bulu pagoli limodzi.

Kusiyana kwa mphamvu ya mawu

Opanga masipika amalemba nambala ya dB yosonyeza mmene sipika imalirira ikapatsidwa wati imodzi, munthu ali pa mtunda wa mita imodzi. Driver womangidwa pa honi amafika pakati pa 105 ndi 112 dB. Mawufa akale abwino ankakhala pakati pa 96 ndi 103 dB. Masabuwufa ambiri a m'galimoto ali cha m'ma 85 mpaka 88 dB. Manambalawa amaoneka oyandikana, koma dB sawerengedwa ngati ndalama. Kusiyana kwa 10 dB ndi magetsi ochuluka ka 10. Kusiyana kwa 20 dB ndi ka 100. Honi ya 108 dB ikamalira ndi wati imodzi, wufa ya 98 dB imafuna mawati 10 kuti ifanane nayo, pamene ya 86 dB imafuna mawati pafupifupi 160.

Wina anganene kuti si vuto, tingochepetsa honiyo ndi ma resistor. N'zoona, ndipo ma crossover akale ankabwera ndi kachitsulo kopotokola kochitira zomwezo, kotchedwa L-pad. Klipsch ankagwiritsa ntchito katiransifoma kakang'ono m'malo mwake. Kuchepetsa ndi 6 kapena 10 dB ndi ntchito ya masiku onse. Ngakhale JBL, m'sipika yake ya mu situdiyo ya 4430 imene inatuluka mu 1981, inaphatikiza honi ndi wufa ya 93 dB, zinthu n'kuyenda bwino. Koma pali chinthu chimene resistor singakonze, ndicho kutentha.

Waya wa kopa akatentha amakana magetsi kwambiri, pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse. Koyilo ikatentha ndi madigiri 100 kuposa mmene inalili, kukana kwake kumakwera ndi 40 peresenti, ndipo wufa imataya pafupifupi 3 dB. Nthawi yomweyo driver wa honi, amene akungolandira kachigawo ka wati, akadali wozizira, sanataye kanthu. Ndiye sipika imene munailinganiza bwino ikulira motsitsa imasintha khalidwe mukaikweza: pansi pamafooka, pamwamba pamalusa. Uku ndiye kukuwa kumene anthu amanamizira honi. Wufa yolira kwambiri pa magetsi ochepa sitentha msanga, ndiye imakwera limodzi ndi honi n'kutsikanso nayo limodzi. Ine ndimaona kuti chimene anthu amakondera masipika akalewa ndi ichi, kuti ng'oma ikamenyedwa mwadzidzidzi sipika siichepetsa, ndipo mukaika wufa yaulesi mwataya chimene munagulira bokosilo.

Pali vuto lachiwiri. Kuti pepala liziyenda mtunda wautali, sabuwufa imakhala ndi koyilo yaitali ya waya wambiri, ndipo koyilo yotere imadziletsa yokha kudutsitsa mawu apamwamba. Nambala yosonyeza zimenezi ndi Le, yoyezedwa mu mH. Koyilo ya 3.5 ohm yokhala ndi Le ya 3 mH imayamba kufooka isanafike n'komwe 200 Hz. Honi ikuyembekezera pa 800 Hz. Pakati pamenepo, pomwe pali mawu a munthu, pamatsala dzenje.

Kuti muone mmene kulemera kwa pepala kumasinthira zinthu, tengani mawufa atatu a JBL, onse a mainchesi 15, onse a koyilo ya mainchesi 4. Ya 2220H, zoyenda zake, ndizo pepala ndi koyilo, zimalemera magalamu 70 ndipo imalira 101 dB. Ya 2226H ndi magalamu 98, 97 dB. Ya 2235H ndi magalamu 155, 93 dB, koma imatsika besi kuposa zinzakezo. Palibe yoipa pa zitatuzi. Kungoti iliyonse inapangidwira bokosi lake.

Bokosi nalo lili ndi zofuna zake

Mu 1961 A. Neville Thiele wa ku Australia analemba njira yowerengera mmene wufa idzalirire m'bokosi isanaikidwemo, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Richard Small wa pa yunivesite ya Sydney anaikulitsa. Mabokosi ambiri amene tikukambawa anapangidwa masamuwa asanafale, moyesa ndi kumvetsera, koma ife lero tikhoza kuwagwiritsa ntchito chobwerera: bokosi lilipo kale, tikufuna wufa yoligwirizana nalo. Manambala ofunika ndi ochepa. Fs, ya mu Hz, ndi pamene pepala limagwedezeka mosavuta lili panja pa bokosi. Qts imasonyeza mmene maginito agwirira pepalalo: nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti agwira zolimba. Vas, ya m'malita, imasonyeza kufewa kwa zogwirizira pepala. Mms ndi kulemera kwa zoyenda. Xmax ndi mtunda umene pepala lingayende mawu asanayambe kuwonongeka.

Yambani ndi kuyang'ana mmene wufa imakhalira m'bokosi lanu. Mu Klipschorn ndi mu La Scala, bokosi lina la Klipsch la 1963, wufa sioneka n'komwe. Imalira kudzera pa kabowo kopapatiza, kochepa kuposa pepala lake, mawu n'kumakhota m'njira zamatabwa. Pamenepo pepala likukankha mpweya wothinana, choncho liyenera kukhala lolimba, ndipo kachipinda ka kumbuyo kwake n'kakang'ono, koyezedwa kuti kagwirizane ndi wufa imodzi. Ya Klipsch ndi K-33, ya 4 ohm, ndipo crossover yake inawerengedwa pa imeneyo. Anthu amene amaichotsa n'kuikamo wufa yodula pongoona kuti ili ndi maginito aakulu nthawi zambiri amapeza besi yachepa. Pa mabokosi a Klipsch, langizo langa ndi lakuti funani K-33 kapena wufa imene inapangidwa dala kuti ilowe m'malo mwake.

Pa honi ya besi iliyonse pali kawerengedwe kothandiza kamene Don Keele anafalitsa mu 1977. Tengani Fs, chulukitsani ndi 2, gawani ndi Qts. Yankho lake ndi pamene kulemera kwa pepala kumayamba kufooketsa mawu apamwamba m'honimo. Wufa ya Fs 40 ndi Qts 0.2 ikupatsani 400 Hz. Ya Fs 25 ndi Qts 0.5 ikupatsani 100 Hz yokha. Sikuti mawu amazimiratu pamenepo, amatsika pang'onopang'ono, koma mukuona kuti yachiwiriyi singakafike kumene honi ya pamwamba ikudikirira.

Bokosi la Altec la 825, limene pambuyo pake linakhala 828, ndi la njira ziwiri. Kutsogolo kwa wufa kuli kahoni kakafupi kamatabwa opindika kamene kamakweza mawu apakati, ndipo pansi pali bowo lotulutsira besi yochokera kumbuyo kwa pepala. Chochititsa chidwi n'chakuti Altec inkaika mawufa awiri osiyana m'bokosi lomwelo malinga ndi honi ya pamwamba. A5 ndi A7 ndi mitundu iwiri ya Voice of the Theatre. Mu A5, momwe munali driver wamkulu wa 288 ndi honi ya timapaipi tambiri, ankaika 515, ya maginito aakulu ndi Qts yotsika zedi. Mu A7, ya driver wocheperapo monga 802 kapena 806 pa honi ya 511B kapena 811B, ankaika 416, ya maginito ocheperapo koma yodzaza besi. Anthu ambiri amathamangira 515 poganiza kuti ndiyo mfumu. Ikeni m'bokosi wamba lopanda honi kutsogolo, mudzamva mawu apakati akuthwa, besi ili yowuma. Maginito ake amagwira pepala zolimba kwambiri moti popanda honi yolithandiza, pansi pamasowa. M'mabokosi a m'nyumba monga Valencia ndi Model 19 Altec inkaika 416, ndipo inkadziwa chimene ikuchita.

Pa bokosi la bowo lokha, yezani mkati mwake ndi tepi: kutalika, kufupika ndi kuya m'masentimita, chulukitsani zitatuzo, gawani ndi 1000, mwapeza malita. Yezaninso kukula ndi kuya kwa bowo. Lowetsani manambalawo pamodzi ndi a wufa mu pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa WinISD, ndipo ngati bokosi lili ndi honi ya besi gwiritsani ntchito Hornresp ya David McBean. Mudzaona musanataye ndalama ngati besi idzatupa pamalo amodzi kapena idzagwa msanga. Bowo likhoza kuchepetsedwa ndi thabwa lomangidwa mkati, ndipo zimenezi zimatsitsa pamene bokosi limalirira.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu amaiwala akamawerenga Qts, ndicho ampulifaya. Mawufa akale anapangidwira maampulifaya a mavavu, amene amawonjezera kukana kwawo pa kwa koyilo, ndipo zimenezi zimamasula pepala pang'ono. Mbali ya Qts yochokera ku magetsi, yotchedwa Qes, imakwera molingana ndi kukana konse kwa m'njira. Tiyerekeze wufa ya Qes 0.25 ndi koyilo ya 6 ohm. Ampulifaya ya mavavu ikawonjezera 2 ohm, koyilo ya mu crossover n'kuwonjezera theka, zonse zakwana 8.5, ndipo Qes yakwera kufika 0.35. Ndi wufa yomweyo, bokosi lomwelo, koma pa mavavu imamveka yodzaza pamene pa ampulifaya ya ma transistor imamveka yowonda. Musanagamule kuti wufa ilibe besi, onani kaye chimene chikuiyendetsa.

Pokumanirana pa ziwirizi

Pepala lalikulu limamwaza mawu apansi mbali zonse, koma mawu akamakwera limayamba kuwaponya kutsogolo kokha. Wufa ya mainchesi 15, imene mbali yake yogwira ntchito ndi masentimita pafupifupi 33, ikafika cha pa 1000 Hz imakhala ikumwaza m'madigiri 90 okha. Ya mainchesi 12 imafika pamenepo cha pa 1300 Hz. Mahoni ambiri akale, kuphatikizapo 511B ndi 811B, amamwaza madigiri 90 chopingasa. Ndiye wufa ya 15 imagwirizana bwino ndi honi pakati pa 500 ndi 1200 Hz. Mukaikankha mpaka 2000 Hz pofuna kuteteza driver wofooka, wokhala kutsogolo kwenikweni adzamva zonse, koma wokhala chammbali adzamva dzenje, ndipo mawu obwerera kuchokera m'makoma adzakhala olumala. Pamwamba pamenepo pepala lalikulu limayambanso kupindikapindika lokha n'kutulutsa mawu ake osakhala a m'nyimbo. Ngati driver wanu sangatsike kupitirira 1500 Hz, wufa ya 12 ndiyo mnzake. Ya 18 musaiganizire n'komwe pa bokosi la wufa ndi honi zokha.

Vuto la Hilliard lija silinathe, linangochepa. Honi ndi yaitali, driver wake amakhala kumbuyo, pamene wufa imakhala kutsogolo. Funde la 500 Hz ndi lotalika masentimita 69, la 1200 Hz ndi masentimita 29. Ziwirizi zikasemphana ndi theka la funde, china chimakankha pamene chinzake chikukoka, ndipo mawu a pamalire amafafanizana. Ntchito ina ya kahoni kamatabwa ka A7 ndi kubweza wufa mkati kuti koyilo yake iyandikane ndi ya driver. Mukasintha wufa n'kuika ya pepala lakuya kapena losaya kuposa yakale, mwasuntha pamene mawu amayambira.

Ngati honi yanu imangokhala pamwamba pa bokosi, kukonza n'kosavuta. Iikeni poti koyilo ya driver ikhale pafupifupi pamwamba pa koyilo ya wufa. Lizani kamvekedwe kamodzi ka pamalire a crossover, kuchokera pafoni kapena pa pulogalamu yaulere ya REW. Tembenuzani mawaya a driver, ndipo sunthani honi kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono mpaka mawuwo atachepetsetsa. Lembani malowo ndi pensulo, bwezerani mawaya mmene analili. Pamene zinafafanizana kwambiri ndi pamene tsopano zikuthandizana kwambiri.

Musakhulupirire mtundu wa pomangira mawaya. Tengani batire ya 1.5 V, gunditsani pa wufa, onani kumene pepala likupita. Mawufa ambiri amatuluka kunja mbali ya + ikakhudza pofiira, koma a JBL akale amachita zosiyana: amatuluka + ikakhudza pakuda. Wufa ya JBL yakale pansi pa honi ya Altec yasokoneza anthu ambiri pa chifukwa chokhachi. Batireyo ndi ya pa wufa yokha, pa driver musaigunditse.

Za ma ohm nazo si zoyang'ana mopepuka. Masipika ambiri akale ndi a 16 ohm, ndipo crossover yawo inawerengedwa pa nambala imeneyo. Koyilo ya 5 mH imadula wufa ya 16 ohm cha pa 500 Hz. Koyilo yomweyo pa wufa ya 8 ohm imadula pa 250 Hz. Mwataya mawu onse a pakati pa 250 ndi 500 popanda kusintha kanthu kena. Yezani wufa ndi mita ya magetsi: ya 8 ohm imaonetsa 5.5 mpaka 6.5, ya 16 ohm imaonetsa 10 mpaka 13. Ngati yomwe mwapeza sikugwirizana ndi crossover, crossover ndiyo iyenera kumangidwanso, kapena mugawe mawu asanalowe mu ampulifaya n'kupatsa wufa ampulifaya yake, honi yakenso. Njira yachiwiriyi imathetsanso nkhani ya kusiyana kwa dB, ngakhale kuti kutentha kwa koyilo yaulesi sikutha nayo.

Yakale kapena yatsopano

Wufa yakale yeniyeni ndi yabwino ngati ikadali mmene inalili, koma dzina lolembedwa kumbuyo silitsimikiza zimenezo. Yambani ndi maginito. Akale ndi a alnico, chitsulo chosakaniza ndi aluminiyamu, nickel ndi cobalt. Mu 1978 nkhondo itafika ku Kolwezi, m'chigawo cha Shaba ku Zaire kumene kunkachokera cobalt wambiri wa padziko, mtengo wake unakwera kangapo m'miyezi yochepa, ndipo makampani anasamukira ku maginito akuda a ferrite. Chilembo H pa mawufa a JBL ndi C pa 416-8C ya Altec ndi zizindikiro za kusamuka kumeneko. Osonkhanitsa zakale amalipira zambiri pa alnico, koma alnico amatha kufooka akamenyedwa kapena akapatsidwa magetsi opitirira. Akafooka, Qts imakwera, dB imatsika, ndipo mawufa awiri a nambala imodzi amalira mosiyana. Akhoza kudzazidwanso mphamvu ndi makina apadera. Ferrite wabwino sindimuona ngati wotsika, ndipo mtengo wake ndi wachifundo.

Kenako pepala ndi koyilo. Amisiri athu okulunga makoyilo m'misika ali ndi luso, ndipo apulumutsa masipika osawerengeka a m'matchalitchi ndi a oimba. Koma pa mawufa amenewa vuto ndi zipangizo. Waya wafulati uja akasinthidwa ndi wozungulira, m'kampata ka maginito mumalowa kopa wochepa ndipo mphamvu yokoka pepala imatsika. Guluu akachuluka kapena pepala likakhala lokhuthala, magalamu akwera. Wufayo idzalira ndithu, koma manambala ake sakhalanso a 416. Ngati n'kotheka, itanitsani pepala, koyilo ndi zogwirizira zake zonse pamodzi, mum'patse mmisiriyo amange. Kampani ya Great Plains Audio ku Oklahoma City inapitiriza kupanga zipangizo za Altec ndi mawufa atsopano a mtundu womwewo. Onaninso mkombero wa pepala. Wa nsalu yopindapinda umakhalitsa, ngakhale nthawi zina mankhwala ake amauma n'kulimba. Wa thonje lofewa ngati siponji, monga wa pa 2235H, umafumbutuka pakapita zaka, ndipo kumalo otentha ndi achinyezi sizitenga nthawi.

Mawufa atsopano a oimba, a makampani monga Eminence, B&C, FaitalPRO, 18 Sound ndi Beyma, akhoza kulowa m'malo, bola musankhe ndi manambala osati ndi mawati. Ambiri mwa iwo anapangidwira mabokosi ang'onoang'ono ndi mawati mazana, choncho ndi olimba, Vas yawo ndi yochepa, ndipo m'bokosi lalikulu lakale salira monga yakale inkachitira. Funani ya Mms yosapitirira magalamu 80 kapena 90, Le yoyandikira 1 mH kapena kutsika, dB ya 97 kupita mtsogolo, Vas yaikulu, ndi Qts ya pakati pa 0.2 ndi 0.3 ngati pali honi kutsogolo, kapena 0.25 mpaka 0.38 ngati ndi bokosi la bowo lokha. Nambala ya dB yokha musaimeze. Yang'anani mzere wojambulidwa wa mmene wufayo imalirira, chifukwa ena amalemba nambala ya pamene yakwerera kwambiri, cha pa 1000 kapena 2000 Hz, pomwe crossover yanu idzakhala itadula kale. Nambala yofunika kwa inu ndi ya pakati pa 100 ndi 500 Hz. JBL D130 imalembedwa 103 dB, ndipo oimba magitala amaikonda pa chifukwa chomveka, koma pansi pa honi besi yake ndi yochepa.

Pomanga, yezani bowo musanagule. Mawufa ena a Altec a pambuyo pake ali ndi mkombero wachitsulo wa mainchesi 16 ngakhale amatchedwa 15, ndipo mabokosi ambiri akale amamangira wufa kumbuyo kwa thabwa osati kutsogolo. Ngati sizikugwirizana, dulani mkombero wa pulayiwudi womangirapo wufa yatsopanoyo. Thabwa la bokosi lenilenilo musalicheke, chifukwa tsiku lina mudzapeza wufa yake yeniyeni.

Mukatsata zonsezi, bokosi ngati A7 lidzakupatsani besi yamphamvu mpaka cha m'ma 50 Hz, kutsika apo limayamba kufooka. Nyimbo za masiku ano zili ndi mawu otsika kuposa pamenepo, amene opanga mabokosiwa sankawaganizira. Pansi pa pamene bowo limalirira, mpweya wa m'bokosi umaleka kugwira pepala, ndipo wufa yakale ya Xmax ya mamilimita ochepa imakupiza mpaka koyilo kugunda kumbuyo. Ikani sefa yodula mawu otsika kuposa 40 Hz pa ampulifaya yake. Ngati mukufuna kugunda kwa pansi penipeni, mangani bokosi lina la sabuwufa ndi ampulifaya yakeyake, liyambire pa 60 Hz kutsika. Pamenepo ndi pamene wufa yolemera ija imene munachotsa ingagwire ntchito yake bwino.